ZA KUOCA MBEU ZA M'DIMBA PA MAKALA, NDI MSUZI WA PHWETEKERE WODYERA ZOOCA



Pali cinthu cimodzi cioneka m'midzi caka ndi caka, ndipo ambiri acizolowera kotero kuti saciyesanso bvuto. Pa miyezi yotentha ya Sepitembala ndi Okutobala, phwetekere wa m'madimba, amene ena amucha matimati, apsa yense nthawi imodzi. Pa misika yonga ya Lizulu, Jenda ndi Bvumbwe madengu angoti ndandanda m'mbali mwa mseu. Mtengo ugwa, ndipo wotsala aphwanyika padzuwa natayidwa kudzala. Koma pofika Febuluwale ndi Malici, pamene cimanga caciwisi cakhwima ndi maungu ayamba kudyedwa, phwetekere asowa, pakuti mvula idza ndi matenda oumitsa masamba ace. Pamenepo amai agula atatu okha ndi ndalama imene bambo analandira pa mbale yodzala.

Taonani tsono, thukuta limene munakhetsa pothirira m'cilimwe lipita pacabe, ndipo ana adya ndiwo zosakoma pa nyengo yomwe nkhokwe yatsala pang'ono kutha. Kapepala kano kalembedwa kukuonetsani njira yolumikiza nyengo ziwirizo: kuphika phwetekere wocuruka akhale msuzi wolimba wodyera zooca, kumsunga bwino kufikira dzinja, ndi kuoca mbeu za m'dimba ndi za m'munda mosaononga nkhuni. Nchito ya pamoto mudzagawana ndi amai a m'nyumba. Koma kumanga thandala, kugula viniga, ndi kupatula dengu limodzi kuti lisapite kumsika, zimenezo ndizo nchito zanu.

1. KUMENE MSUZI UWU UNACOKERA

Kuoca cakudya si cinthu cacilendo kwa inu ai. Makolo anu anakwirira mbatata m'phulusa, naoca cimanga pambali pa mafuwa, nawamba nsomba pa mpani. Cacilendo ndico msuzi wopaka pa cooca, ndipo mbiri yace iyamba kutsidya la nyanja yaikuru, ku America.

Pamene anthu a ku Spain anafika ku zisumbu za Caribbean, kuyambira pa ulendo wa Columbus wa 1492, anapeza eni dziko a mtundu wa Taino alikuwamba nyama ndi nsomba pa thandala la mitengo, moto wocepa uli pansi. Thandalalo analicha barbacoa, ndipo Gonzalo Fernández de Oviedo analemba liulo m'buku lace la 1526. M'menemo ndimo munacokera liu la Cingerezi lakuti barbecue. Pambuyo pace, kumwera kwa United States, nchito yowamba nyama pa maphwando inali makamaka m'manja mwa akapolo ogwidwa ku Africa, ndipo luso lao likhalabe ndi adzukulu ao kufikira lero.

M'dziko limenelo dera liri lonse liri ndi msuzi wace. Kum'mawa kwa North Carolina aupanga ndi viniga ndi tsabola basi, nukhala wamadzi. Ku South Carolina athiramo njere za mpiru zopera, nukhala wacikasu. Ku Kansas City aphika phwetekere pamodzi ndi manyuci akuda otsala popanga shuga, nukhala wolimba ndi wotsekemera. Wotsirizawu ndiwo uyenera ife, pakuti cimene citicurukira ndiye phwetekere.

Dziwaninso ici: cimanga, phwetekere, tsabola, maungu, mbatata, cinangwa ndi mtedza, zonsezi kwao ndi ku America. Zinaoloka nyanja m'zombo, makamaka za Apwitikizi, kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo zinalowa kumtunda kuno pang'ono pang'ono. Cotero msuziwo ndi mbeu za m'dimba mwanu ndi za kumudzi kumodzi. Pakuziika m'mbale imodzi mungokomanitsa abale.

2. CIFUKWA CACE COOCA CIKOMA

Madzi owira m'mphika sapyola madigiri 100, ngakhale musonkhezere nkhuni zingati. Ndipo kumalo okwera monga ku Dedza awira asanafike pomwepo. Koma pamwamba pa makala kutentha kupyola apo kutali. Khungu la cakudya likafika pa madigiri ngati 140, shuga wa m'menemo agwirizana ndi zomanga thupi, cakudya cifiira, niciturutsa pfungo lija likuitanani muli kutali. Munthu wa ku France, dzina lace Louis-Camille Maillard, ndiye anayamba kulongosola zimenezi m'caka ca 1912. Moto uumitsanso madzi ena, kotero kuti kuzuna kwa anyezi ndi kwa dzungu kuunjikana pamodzi.

Pali phindu linanso. Ndiwo zikawira nthawi yaitali, makamaka ndi cidulo, mavitamini ena aonongeka, ndipo ena apita ndi madzi amene atayidwa. Pakuoca palibe madzi otaya. Dzungu lofiira m'kati, ndi mbatata yofiira m'kati yonga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ziri ndi cinthu cimene thupi licisandutsa vitamini A, wosunga maso a ana kuti asacite khungu lamadzulo, ndi wothandiza thupi kulimbana ndi matenda. Koma thupi silicilandira bwino popanda mafuta. Cifukwa cace pakani timafuta pang'ono pa zimene muoca. Supuni imodzi ikwanira mbale yonse.

Musayese kuti cofiira ndi cakuda ndi cimodzi. Cofiira ndico capsa. Cakuda ndico capserera, ciwawa m'kamwa, ndipo m'makala acewo muli zinthu zoipa m'thupi la munthu wozidya kawirikawiri. Pamene pada palani ndi mpeni musanapatse mwana.

3. MAFUWA ATATU A MSUZI

Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri. Msuzi uwu uli comweco: phwetekere ndiye mphika, ndipo mafuwa ace atatu ndiwo cowawasa, cotsekemera ndi cowawa. Limodzi likasowa, msuzi upendekeka.

Cowawasa ndiye viniga wa kusitolo, kapena madzi a mandimu, kapena bwemba. Inu okhala kunyanja ndi kucigwa ca Shire, kumene mitengo ya bwemba icuruka, musaipeputse: msuzi wochuka wa ku England, wa Lea ndi Perrins wa mumzinda wa Worcester, umene unayamba kugulitsidwa m'caka ca 1837, uli ndi bwemba m'kati mwace. Bviikani bwemba wodzala dzanja m'kapu ya madzi otentha, mfinyeni, ndi kusefa. Cotsekemera ndiye shuga wofiirira, kapena uci, kapena madzi a nzimbe owiritsa kufikira alimba. Cowawa ndiye tsabola: kambuzi apatsa pfungo lokoma, piripiri apatsa ukali.

Muyeso wa banja limodzi ndi uwu, poyesa ndi kapu ya tiyi yaikuru, imene inai idzaza lita imodzi:

Phwetekere wakupsa bwino, wosenda ndi woduladula, makapu 8.
Anyezi woduladula, kapu 1.
Adyo, timagawo 2.
Tsabola wowawa, 1 kapena 2.
Shuga wofiirira, theka la kapu.
Viniga, magawo atatu a magawo anai a kapu.
Mcere, theka la supuni yaikuru.

Sankhani phwetekere wamnofu wambiri ndi madzi ocepa, monga Roma ndi Tengeru. Wong'aluka ndi wopindika ali bwino. Koma wobvunda, kapena wacuku, kapena woloweredwa ndi mphutsi, tayani, pakuti moto sukonza cinthu coola. Mtsukeni m'madzi abwino. Kuti khungu lisendeke msanga, mbviikeni m'madzi owira kwa mphindi imodzi, ndi kumuika pomwepo m'madzi ozizira. Njira inanso yokoma koposa ndiyo kumgubuduza pa makala kufikira khungu lituwa ndi kung'ambika. Pamenepo msuzi utenga pfungo la utsi.

Ikani phwetekere, anyezi, adyo ndi tsabola m'mphika wadothi, kapena m'poto wosacita dzimbiri, osathira madzi. Ziwire pa moto wocepa kwa theka la ora kufikira zifewa. Zipoteni ndi mthiko, ndi kuzipyoza pa sefa kuti njere zitsale. Bwezerani pamoto, mphika uli wosabvundikira, kufikira msuzi waphwera kufika pakati. Tsono thirani viniga, shuga ndi mcere, ndi kupitiriza kuphika pa moto wocepa ndithu kwa ora limodzi kapena kuposapo, mulikutakasa kawirikawiri, pakuti shuga akakamira pansi apserera, ndipo mphika wonse uwawa. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosonkhezera moto kuti athe msanga ataya zonse. Mudzadziwa kuti wapsa pamene umata kumbuyo kwa supuni wosayenderera. Pa muyeso umenewu mudzapeza msuzi ngati lita imodzi.

Msuzi wowawasa usagone m'poto wa aluminiyamu kapena wacitsulo, pakuti udya citsuloco nusanduka kukoma. Ndipo wodula tsabola asambe m'manja ndi sopo asanagwire maso ace kapena khanda.

4. KUSUNGA KWACE

Pano cherani khutu, pakuti pali moyo wa banja lanu.

Njira yoyamba ndiyo ya masiku ocepa. Msuzi wobvundikira bwino, woikidwa pa malo ozizira m'nyumba, udyedwe m'masiku awiri pa nyengo yotentha, ndipo uwiritsidwenso tsiku liri lonse musanadye. Amene ali ndi firiji ausunga sabata imodzi. Tungani ndi supuni yoyera ndi youma nthawi zonse.

Njira yaciwiri ndiyo ya m'botolo, ndipo iri ndi malamulo ace osayenera kulumphidwa. M'nthaka mukhala kacirombo kosaoneka ndi maso, dzina lace Clostridium botulinum. Mbeu zace sizifa ndi madzi owira. Zikatsekeredwa m'botolo mopanda mpweya, m'cakudya cosawawasa mokwanira, zimera ndi kubala ululu woumitsa ziwalo ndi kupha munthu. Ndipo nthawi zina cakudyaco sicinunkha, kapena kusanduka maonekedwe. Cimene cikaletsa ndiko kuwawasa. Akatswiri ayesa kuwawasa ndi muyeso wochedwa pH, ndipo pansi pa 4.6 kacirombo kameneka sikamera. Phwetekere payekha ali pa malire penipeni, ndipo anyezi ndi adyo sawawasa konse. Cifukwa cace, pa msuzi wa m'botolo:

Gwiritsani viniga wa kusitolo wolembedwa 5 peresenti, osacepetsa muyeso. Bwemba ndi mandimu a pamtengo ndi abwino pa msuzi wodya lero ndi mawa, koma mphamvu yao isiyana mtengo ndi mtengo, ndipo simungaidalire.

Musaonjeze anyezi kupyola muyeso, ndipo musathiremo mafuta, nsinjiro kapena ufa.

Tengani mabotolo agalasi a pakamwa papakuru, osapyola theka la lita, okhala ndi zibvundikiro zacitsulo zosapindika, zosacita dzimbiri, za mphira wabwino m'kati. Atsukeni ndi kuawiritsa. Botolo limene munakhala mankhwala a mbeu kapena a ziweto lisayandikire cakudya, ngakhale mulitsuke kakhumi.

Thirani msuzi ukali wotentha, kusiya mpata wa cala cimodzi pamwamba. Pukutani pakamwa, tsekani, ndi kuimika mabotolo m'mphika waukuru woyalamo nsaru pansi, madzi awamize ndi kupyola pamwamba pao zala ziwiri. Awire kwa mphindi 30, kuwerenga kuyambira pamene madzi abwadamuka. Ndipo inu a kumapiri okwera kupyola mamita 1,800, mphindi 35.

Atazizira, dinikizani pakati pa cibvundikiro. Cikakhala colowa m'kati ndi cosadumpha, latsekeka. Cikadumpha, idyani msuziwo msanga monga wa njira yoyamba. Botolo lotupa cibvundikiro, lacithobvu, lacuku, kapena lopuma potsegula, musalawe ngakhale ndi nsonga ya lilime. Likwirireni kumene ana ndi nkhuku sizifika.

Njira yacitatu ndiyo yoposa zonse kumudzi, pakuti siifuna botolo kapena ndalama: ndiko kuyanika. Mudziwa kale kufutsa nkhwani ndi khwanya. Phwetekere naye auma, ndipo dzuwa la Okutobala limene limuoletsa pamsika ndilo lomwe limsunga pathandala. Mduleni mopyapyala, osapyola theka la cala, muwaze timcere, ndi kumuyala pa mphasa yoyera pa thandala lofika m'cuuno, kutali ndi khola ndi pfumbi. Phimbani ndi nsaru yopyapyala cifukwa ca nchenche. Koma neti ya udzudzu ai, pakuti iri ndi mankhwala, ndipo nchito yace ndiyo kuchinjiriza ana usiku. Tembenuzani tsiku ndi tsiku, lowetsani m'nyumba madzulo. Pa masiku atatu kufikira asanu a dzuwa lamphamvu adzakhala ngati cikopa, wosaturutsa madzi pomfinya. Musadabwe pakuona kucepa kwace: mwa magawo 100 a phwetekere, oposa 90 ndi madzi, kotero kuti makilogalamu 10 sakupatsani ngakhale imodzi yathunthu. Msungeni m'citini kapena mumtsuko wouma wotseka bwino, ndipo pa dzinja mumuyang'ane sabata ndi sabata. Likawala dzuwa muyanikeninso, ndipo wacuku tayani. Yanikaninso tsabola, koma wa caka comwe cino, pakuti tsabola wakale sawawa.

Pa Febuluwale, tengani makapu 2 a wouma, abviikeni m'makapu 4 a madzi otentha kwa ora limodzi, sinjani mumtondo, ndi kuphika ndi madzi omwewo monga talongosola. Pamenepo cimanga caciwisi ca dzinja cikomana ndi phwetekere wa cilimwe.

5. KUKONZA MOTO

Cooca cifuna makala ofiira, si malawi ai. Lawi lidetsa kunja m'kati muli mwawisi. Dikirani kufikira nkhuni zanyeka ndipo makala abvala phulusa loyera pamwamba.

Simufunika kudula mtengo cifukwa ca nchito iyi, kapena kugula thumba la makala. Mapiri athu ayera kale, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 liletsa kuoca makala popanda cilolezo. Amai akaphula nsima patsala moto wokwanira kuoca mbale yonse, umene masiku ambiri ungozima wokha. Zitsononkho zouma, mapesi a nandolo, ndi nthambi zosadzula ku mango zipatsa makala abwino. Koma nkhadze musasonkhe, pakuti utomoni ndi utsi wace zibvulaza maso; ndiponso matabwa opaka utoto kapena mankhwala a ciswe. Ndipo lekani mcitidwe woyatsa moto ndi mapepala a pulasitiki: utsi wace ndi woipa, numata pa cakudya.

Waya woocerapo akhale wacitsulo wamba, wopanda utoto. Mumtenthe pamoto poyamba, mumpale, ndi kumpaka timafuta ndi cigawo ca anyezi, kuti cakudya cisamate. Mumuike pa njerwa, kutalika kwace ngati cikhatho cimodzi pamwamba pa makala. Wopanda waya asade nkhawa: mipani ya nsungwi yobviika m'madzi igwira nchito yomweyo.

Kankhirani makala ambiri mbali imodzi, ndi ocepa mbali inzace, kuti mukhale ndi moto waukali ndi moto wofatsa. Yesani ndi dzanja pamwamba pa waya: mukalicotsa musanawerenge kufika 4, ndi waukali, mukafika 6 kapena 7, ndi wofatsa.

Ocerani pabwalo kapena pakhonde. Mbaula yamakala m'nyumba yotseka ituruza mpweya wosaoneka ndi wosanunkha, umene ugoneka anthu tulo tosadzuka nato. Ndipo pa mwezi wa Okutobala, pamene udzu wauma ndi mphepo iomba, mukatha zimani moto ndi madzi kapena dothi.

6. KUOCA MBEU IRI YONSE

Lamulo lalikuru ndi ili: msuzi upakidwa pomariza. Shuga ayamba kupserera pa madigiri ngati 160, ndipo makala atentha kuposa apo. Wopaka msuzi poyamba adzaphula cinthu cakuda kunja ndi cosapsa m'kati. Ocani ndi timafuta ndi mcere zokha. Cakudya cikapsa, cisunthireni ku moto wofatsa, cipakeni msuzi ndi nthenga yoyera kapena khoko la cimanga, ndi kucisiya mphindi 2 kapena 3 kuti msuzi ugwire. Wotsala muike m'kambale, yense azisunsa.

Cimanga caciwisi, ndico dowe kapena mondokwa. Cithyoleni pamene moto wayaka kale, pakuti cikagona kuzuna kwace kucepa. Njere ikhale yoturutsa mkaka poibaya ndi cikhadabo. Senda makoko, ikani pa moto waukali, tembenuzani kawirikawiri kwa mphindi 10 kufikira 15.

Mabiringanya. Aduleni m'litali, kucindikala kwa cala, awazeni mcere, akhale theka la ora kuti aturutse madzi. Pukutani, pakani mafuta, mphindi 4 kapena 5 mbali iri yonse. Kapena libooleni lathunthu ndi mpeni kuti lisaphulike, liikeni pa makala penipeni kufikira lifota, senda, ndi kusakaniza mnofu wace ndi msuzi. Imeneyo ndi ndiwo yokwanira kudyera nsima.

Tsabola wamkuru wosawawa. Mgubuduzeni pa moto waukali kufikira khungu lacita matuza. Muikeni m'mbale yobvundikira kanthawi, ndipo khungu lidzacoka lokha.

Anyezi. Mduleni mozungulira, mocindikala, ndi kumbaya pa kamtengo kuti asamwazike. Mphindi 5 mbali iri yonse pa moto wofatsa. Ukali wace utha, nasanduka wotsekemera.

Therere lobala. Sankhani lanthete, losapyola kutalika kwa cala. Litungeni lathunthu pa timitengo tiwiri, mphindi 3 kapena 4 mbali iri yonse. Looca silitelereka monga lophika, ndipo ana amene akana therere la m'mphika alidya.

Dzungu. Liduleni m'zigawo za kucindikala kwa cala cacikuru, liike pa moto wofatsa, mphindi ngati 10 mbali iri yonse, kufikira kamtengo kalowa mosabvuta. Nthanga zace musataye, zikazingeni.

Mbatata. Ikwirireni m'phulusa lamoto kwa mphindi 40 kufikira ora, monga mwa kukula kwace. Ing'ambeni pakati, donthezani mafuta, ndi kuthira msuzi.

Cinangwa. Ocani cozuna cokha, monga Manyokola, ndipo musende khungu lonse. Cowawa, cimene kunyanja apangira kondowole, ciri ndi ululu umene ucoka pobviika m'madzi masiku angapo ndi kuyanika; kuoca sikuucotsa wonse.

Bowa wa dzinja aoceka bwino pa mpani. Koma ocani yekhayo amene akuru a pamudzi amdziwa ndi dzina, pakuti moto supha ululu wa bowa woipa.

Pakakhala nkhuku kapena nsomba, msuzi womwewu uyenera. Koma patulani wopakira m'kambale kace, ndipo umene wakhudza nyama yaiwisi usabwerere ku mphika, kapena kuikidwa pamphasa. Nkhuku ipse kufikira pafupa, yosaonetsa mwazi.

7. MAU A KUDIMBA

Msuzi wabwino uyamba pa nazale. Musafese phwetekere yense tsiku limodzi. Fesani pang'ono, ndipo patapita masabata awiri kapena atatu fesaninso, kuti asapse pamodzi. Okerani mbande zikakwana ngati masabata anai, m'nthaka yothira manyowa oola bwino. Thirirani pa tsinde, si pamasamba ai, ndipo thirirani mofanana. Dimba louma lero ndi kusefukira mawa libala zipatso zong'aluka ndi zoola kunsi. Phimbirani nthaka ndi udzu, ndipo zikani timitengo kuti zipatso zisagone pansi.

Phwetekere, mabiringanya, tsabola ndi mbatata ya kacewere ndi za banja limodzi, ndipo zidwala matenda amodzi. Musazitsatanitse pa bedi limodzi. Pakati pace bzalani cimanga, nyemba kapena anyezi, ndipo phwetekere abwerere pamalopo patapita zaka zitatu.

Mukapopera mankhwala cifukwa ca mphutsi zoboola masamba ndi zipatso, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo muwasunge masikuwo. Cimene simungapatse mwana wanu musacitengere kumsika kwa ana a mnzanu.

8. COCITA CAKA CINO

Musayambe ndi zambiri. Sabata imene mtengo wagwa, patulani dengu limodzi. Theka lace liyanikidwe pathandala; theka lina amai aphike msuzi, ndipo madzulo amenewo, nsima itaphulidwa, ocani mabiringanya, anyezi ndi cimanga ca m'dimba pa makala otsala, banja lonse lilawe. Mukaona kuti wawawasa koposa, onjezani shuga. Mukaona kuti wazuna koposa, onjezani mcere ndi tsabola. Koma viniga wa m'botolo losunga musamcepetse. Lembani tsiku pa citini ca wouma, ndi kuciika pamwamba pamene makoswe safika.

Pa Febuluwale, pamene anzanu atsika mtengo wa phwetekere atatu pamsika, inu mudzatsegula citini canu. Pamenepo muitane mnansi adzadye nanu dowe, ndipo mumuonetse thandala, kuti caka camawa naye amange lace.

Tsalani bwino, inu ndi a m'nyumba mwanu.